Msomali Wopanda Kanthu

Ndinatsika chapa ku Moatize dzuwa lili paliwombo,
mphepo ikuwomba ngati yochokera m'ng'anjo.
Milambe yaima manja m'mwamba
ngati yagwidwa ikuba mvula.
Mbuzi zikutafuna mapepala a simenti.
Mayi wa masawu akupukuta fumbi lakuda pa mbale,
asanamalize, lina latera kale.

M'thumba ndinali ndi kachitsulo ka bambo,
kozungulira, koboola pamwamba, nambala 417.
Kuchokera ku Ulongwe ndinkangokasisita
mpaka kanafunda ngati kadwala malungo.

Mgodi wa lero ndi dzenje loyasamira kumwamba,
tayala la galimoto yake kutalika kuposa khomo lathu.
Sindinadzere umenewo.
Ndinafunsa wakale uja, wolowa m'mimba mwa nthaka.
Anyamata a njinga zamoto anayang'anana,
mmodzi nkuti: kafunseni a Sabonete,
ometa tsitsi kuseri kwa njanji.

A Sabonete ametera m'nyumba imene kale inali ya nyali.
Kalilole wosweka, mpando wa miyendo itatu ndi njerwa,
ndipo kukhoma thabwa lalikulu lodyedwa ndi chiswe,
misomali mizeremizere ngati phesi m'munda wokololedwa.
Apa ndi apo tizitsulo tadzimbiri tikulendewera.
Ndinawerenga tisanu ndi tiwiri, ndinasiya.

Ndinatulutsa kanga, ndinapeza msomali wake,
mzere wachinayi, pafupi ndi mng'alu.
Ndinkati ndikapachike, kabwerere kwawo.
Anandigwira dzanja, lumo likadali m'dzanja linalo.

Iyayi, mwanawe.
Munthu ankapachika apa potenga nyali,
akatuluka madzulo ankachotsa kake.
Ukuwaona awa otsalawa?
Uyu Gervasio, ankaimba ngati chule.
Uyu sitinkamudziwa dzina, tinkangoti wa ku Mutarara.
Eni ake akadali pa shifiti.
Bambo ako anatuluka. Usawabwezeremo.

Ndinafuna kuwauza kuti anatuluka theka,
kuti zaka khumi ndi chimodzi ankalavula usiku m'kachitini,
makala osayaka,
kuti mayi ankachapa pilo madzi nkuda,
kuti mgodi unawatsata mpaka ku Angonia
nkukhala nawo pa mphasa imodzi.
Koma sitima ya malasha inayamba kudutsa,
mabogi osatha, nyumba yonse njenjenje,
tizitsulo tija tikugunda thabwa
ngati mano a munthu wozizidwa.

Itatha, a Sabonete anakuntha nsalu.
Khala pansi, tsitsi lakula ilo.
Mutu uwu ndaudziwa, bampu iyi kuseri kwa khutu.
Ankandilipira mochedwa.

Ndinawapatsa ma metikali makumi asanu, ya anthu awiri.
Madzulo ndinatsikira ku Revubwe,
mchenga wambiri, madzi ofika m'akakolo.
Ndinasamba kumaso katatu, thaulo likudabe.
Kachitsulo ndinabwerera nako.
Kali pa mfungulo za nyumba,
kamalira ndikamatsegula chitseko.