Asacheuke

Anati tifike mmamawa,
ndiye ndowa zanga za mbatatesi ndinamusiyira Lonjezo,
mwana wosadziwa kukakamira mtengo,
n'kutsetserekera ku bwalo la sukulu
nkhungu isanachoke tsidya lija la msewu
kumene Lizulu amasanduka Mozambiki.

Lamulo lake n'losavuta, anatero a Jekapu,
gavanala wa dera, kope la mwana wawo lili m'khwapa:
opikisana ayang'ane kutsogolo, asacheuke,
inu muime kumbuyo kwa amene mwamukonda.

Ndinaima kumbuyo kwa mayi Velonika Ngozo,
namwino wopuma, amene anandisoka chala
chaka chomwe chikwanje chinandilakwira.
Mzere wathu unadutsa pagolo,
unakhota pamjigo wakufa uja,
mchira wake n'kukagunda zimbudzi za ana.
Wa a Kachisuzi unali waufupi
ngati ndalama ya ganyu.

Tinadikira.
Amati mabuku a mayina akubwera.
Dzuwa litafika paliwombo, m'malo mwa mabuku
kunabwera malole awiri,
natsitsa anthu amene sindinawaonepo
pamaliro alionse kuno,
aliyense ndi nsalu yonunkha sitolo,
wina akufunsa mnzake chapansipansi:
paja anati tiime kumbuyo kwa uti?

Anatiwerenga potigunda paphewa
ngati matumba okwera lole ya ku Limbe.
Atafika pa mazana atatu, foni inalira.
A Jekapu anavula chipewa poyankha,
ngati woimbayo akuwaona,
inde bwana, ndamva bwana,
mawondo akupindika okha.
Akuti anali a kuboma ku Ntcheu,
amene nawonso anaimbiridwa ndi a kuchigawo,
amene nawonso anadzutsidwa usiku
ndi wina wa ku Lilongwe
amene dzina lake amalitchula ndi nsidze.
Atabwerera pamzere anati asokonezeka,
nayambiranso pa zana limodzi.

Ife a kumjigo dzanja silinatifike.
Anyamata ovala magalasi akuda
anati nthawi yatha, kukuda,
chikhalirecho zithunzithunzi zathu
zinali zisanatalike n'komwe.

Palibe anagenda mwala.
Mayi wina anangoti ha!
n'kumasula mwana kumsana kuti ayamwe.

Mayi Ngozo ndinawapeza pakhonde la Sitandade 4
akuchotsa chisoso pa siketi.
Anandifunsa, osadzutsa mutu:
kodi munalipo angati?
Apo mpamene ndinakumbukira
kuti tsiku lonse anayang'ana khoma,
ndipo sanatione.
Ndinati tinalipo ambiri.
Anati ambiri bwanji?
Ndinaloza mjigo, ndinaloza zimbudzi,
koma pabwalo panali patatsala mbuzi
ndi makoko a nzimbe.

Usiku wailesi inati zonse zayenda mwabata.
Sinaname.

Lonjezo anagulitsa ndowa zinayi pamtengo wa zitatu.
Ndinamukalipira kuposa mlandu wake.

Sindibisa, nsalu ija nanenso ndinalandira
patapita sabata, a Jekapu akugawa zotsala.
Ndimafunditsa mbatatesi kuti zisabiriwire,
nkhope ya a Kachisuzi ikumwetulira dzuwa,
ndipo pamenepo yokha imagwira ntchito.

Mlatho wa kwathu udakali mitengo iwiri ya bulugamu.
Mwala wa maziko anaika kawiri.
Khansala akuti ndalama zili kwa phungu,
phungu akuti zili kwa bwanamkubwa,
bwanamkubwa ali kumsonkhano ku Mangochi.

Lachisanu lililonse galimoto yawo imaima pamsika.
Galasi silitsika.
Amatsika ndi dalaivala, kudzanenerera mtengo
ngati ndalamayo ndi yake,
ine n'kumuikira basela
chifukwa nayenso ndi wotumidwa.
Kenako fumbi, nambala yakumbuyo,
ndi mutu uja pampando, wowongoka,
ukuyang'ana ku Lilongwe.
Munthu wosunga lamulo ameneyo.
Anamuuza kamodzi kokha pabwalo paja
ndipo mpaka lero sanacheuke.