Masitepe a Kukhonsolo

Ine ndimasoka nsapato ku Kanyama,
pakhonde la shopu ya a Daka, pafupi ndi mpope.
Zidendene za mzinda uno ndimazidziwa:
za anamwino zimadyekera mkati,
za makondakita zimang'ambika phazi lakumanzere
lomwe limalendewera pachitseko cha basi.
Zanga zokha n'zatsopano chigulire,
zaka khumi ndi ziwiri osaponda fumbi.

Lachiwiri tinalawira kusanayere.
Mvula inali itagona m'njira,
madzi ofiirira kufika pakati pa mateyala a njinga yanga.
Lekani, mwana wa mlongo wanga, anavula masilipasi
nandikoka chammbuyo ngati wilibala ya makala.

Pasiteji mabasi atatu anatiyang'ana n'kupita.
Wachinayi anati, Mudala, mpando wanu ulipira pawokha.
Ndinalipira.
Njinga inapindidwa pamiyendo ya Lekani,
ine anandigwira m'khwapa ngati thumba la simenti,
mayi wina nakokera chitenje chake uko, chingade.

Kukhonsolo ndinkafuna pepala limodzi,
lonena kuti khonde langa ndi lololedwa,
asadzanditengerenso nyundo ndi ulusi
monga anachitira mwezi wa June.

Pakhomo mlonda anati, Rumu 214, pamwamba.
Nanga chikepe?
Anaseka. Chinafa ine ndisanalembedwe ntchito.

Ndinawerenga masitepe:
makumi awiri ndi atatu kufika pokhota,
enawo sindinawaone.
Opukutidwa bwino, ofiira ngati m'kamwa mwa galu.

Lekani anakwera ndi reji yanga.
Anatsika: akuti mwini wake abwere.
Anakweranso.
Anatsika: akuti masiku ano zonse zili pa intaneti,
ndilembetse pafoni.
Ndinayang'ana kafoni kanga ka mabatani,
komangidwa ndi mphira ya chubu,
kodziwa kulira ndi kuunika usiku basi.

Pakhoma anajambulapo munthu wa panjinga ngati ine,
woyera mbuu, wopanda nkhope,
muvi wake ukuloza chitseko
chomwe anaunjikapo mipando yothyoka.

Dzuwa linafika paliwombo.
Ndinabwerera kuntchito yanga yakale, kuyang'ana mapazi.
Nsapato zikukwera, nsapato zikutsika,
go go go,
palibe ndi imodzi yomwe yodziwa kuti ikuchita chozizwitsa.

Nthawi ya nkhomaliro
inatsika gogoda yakuda,
chidendene chakumanja chili ndi msomali wanga.
Msoko wanga ndimauzindikira
monga mayi amazindikirira kulira kwa mwana wake pamsika.
Ndinati, Amayi Zelipa, chidendene chikugwirabe?
Anaima. Anayang'ana pansi, kumene ndimakhala ine.
Aa, a Njobvu! Kuno mukutani?
Ndinati, mwini wake uja ndine.

Anabwerera pamwamba, natsika ndi fomu ndi chidindo.
Tebulo panalibe,
anasainira pabondo langa,
bondo losamva kutsina
lero lagwira ntchito ya boma.
Dii! chidindo.
Mphindi zitatu sizinakwane.

Lekani anaomba m'manja. Ine ndinalephera.
Kumbuyo kwanga kunali mtsikana wa ndodo yoyera
akugogoda sitepe yoyamba,
akufunsa mphepo kuti 214 ili kuti,
ndipo iye sanasokerepo munthu nsapato.

Pobwerera tinadutsa Lumumba, malole akutiuzira utsi,
m'mphepete mwa msewu modzaza tomato ndi salaula,
ife pakati pa magalimoto, poti kwina kulibe.
Ku Kanyama matope anali atayamba kugwirana.
Pepala ndinalikulunga m'pulasitiki ya buledi,
kuliika m'malaya, pamtima.

Usiku, magetsi atapita,
Lekani anaunika ndi kafoni kaja
nandiwerengera timalemba tating'ono ta m'munsi:
litha pa 31 December.
Pokonzanso, mwini wake abwere yekha.