Kagalasi M'chisoti

Ku Gdańsk dzuwa limagonereza nyengo yozizira.
Timalowa pageti kukadali mdima,
nsapato zikuphwanya chipale chofewa chadzulo,
chombo chosatha chili gone padoko
ngati nyama yosendedwa, nthiti pamtunda.

Zaka makumi atatu ndi zinayi ndasoka zitsulo pano,
ine Bogumił,
amene akapitawo ankaitanira anyamata atsopano
kuti adzaone msoko wanga:
mamba a nsomba, ondondozana, osaphonya.

Chaka chino kadziwe kanayamba kundithawa.
Kadziwe kaja ka chitsulo chosungunuka,
kochepa ngati diso la njiwa,
kamene umakakoka pang'onopang'ono kunsonga ya moto,
kanachita nkhungu.
Ndinapukuta galasi la chisoti. Nkhungu ili pomwepo.
Ndinagula lina.
Ndinatukwana utsi, ndinatukwana magetsi,
ndinabweza mutu m'mbuyo mpaka khosi kuuma gwa,
monga ndichitira ndi nyuzipepala
mkazi wanga akatembenuka.

Lachitatu woyendera ntchito anadutsa ndi choko chachikasu.
Sananene kanthu.
Mtanda umodzi, iwiri, isanu,
pamsoko wanga.
Wanga!
Tsiku lonse ndinapala zomwe ndinasoka dzulo lake,
mbaliwali zikundilavulira kumaso.

Jagoda ndiye anaona,
mtsikana wa chaka chachiwiri pantchito,
amene ndinamuphunzitsa kugwira ndodo osaumitsa dzanja.
Nthawi ya tiyi anatola chisoti changa
ngati wasokoneza ndi chake,
anachibweza osandiyang'ana,
pakamwa pali nkhani ya basi yomwe inachedwa.

Nditatsitsa chisoti n'kuyatsa moto,
ha!
Kadziwe kali apa, mbee,
m'mphepete mwake mukugunda ngati liwombo la khanda,
chitsulo chikumwa chinzake ine ndikuona.
Analowetsamo kagalasi kokulitsa,
kopyapyala ngati bisiketi,
pakona pali timanambala.
Nditavula chisoti ndinalephera kutiwerenga.
Podutsa anangokweza zala ziwiri.

Koma kagalasi sikasankha chokulitsa.
Kanandionetsa dzanja langa,
kunjenjemera kumene ndinkalumbira kuti kulibe,
ndi timabowo ta mpweya m'misoko ya mwezi watha
imene choko chinaidumpha.
Ndinaipala ndekha.
Palibe anandituma.

Manyazi anandidya masiku atatu.
Chisoti ndinkachikhomera m'kabati
ngati muli kalata ya chibwenzi.

M'chipinda chosinthira zovala, pamsomali wa dzimbiri,
pamakhala chisoti cha malemu Zdzisław, mphunzitsi wanga,
uja ankati wowotcherera weniweni amaona ndi khutu,
magalasi ndi a alembi a mu ofesi.
Palibe amachikhudza.
Loweruka, anthu ataweruka, ndinachitembenuza.
M'kati, pansi pa fumbi la zaka khumi,
kali phee, atakamata ndi tepi yakuda.
Ndinavala chisoti changa kuti ndiwerenge nambala:
ziwiri ndi theka.

Nkhalamba yabodza iwe!
Zaka zonse zija ndikutchera khutu ngati chitsiru,
iwe ukuyang'anira pawindo lako lamseri.
Ndinaseka mpaka chifuwa kundibanika,
ndinakhala pabenchi,
kenako sikunalinso kuseka.

Chombo chidzatsikira m'madzi mu Epulo.
Adzaswa botolo, lipenga lidzalira,
chidzapita kumene mafunde a Baltiki amatafuna zitsulo.
Nyanja siidzafunsa zaka za maso anga.
Idzangofufuza bowo,
usiku ndi usana, ndi lilime lake la mchere,
ndipo siidzalipeza.

Jagoda sindinamuthokoze. Mawuwo sakwana m'kamwa mwanga.
Ndagula kagalasi kena, kofooka, koyambira,
ndakakulunga m'nsanza yoyera,
ndakaponya kuseri kwa kabati yake
kumene dzanja silifika msanga.
Maso ake lero ndi a mphamba.
Aseke.
Nkhungu ikudziwa njira ya pageti.