Loweruka kwa a Chavula

A Chavula aipachika pa msomali
kuseri kwa msika wa Zigwagwa:
felemu yobiriwira, ya pa kaunjika,
yopepuka ngati dengu lopanda kanthu.
"Iyi ndi ya msewu wafumbi," akutero.
"Matayala onenepa amalowa bwinobwino,
matope a ku Choma sangakugwire mwendo.
Siya yakoyo, uwonjezere pang'ono."

Yangayo yatsamira khoma, sikuyankha.
Chitsulo cholemera, msana wautali,
pakhosi chipsera chowotcherera
chomwe tinatenga potsika Chiweta
mabuleki atakana.
Inasenzapo zikwama zinayi mpaka ku Karonga,
ndi matiresi a Tiwonge popita ku sukulu ku Ekwendeni,
osadandaula.

Koma kumene ndimapita masiku ano phula kulibe,
mawondo nawo ayamba kuwerenga zitunda.

Ndanyamula yatsopanoyo ndi zala ziwiri.
Ndafufuza pomangira kaliyala, palibe bowo.
Ndiye kuti ikufuna ine ndekha,
wopanda katundu, wopanda wondituma.

Mvula yowaza yayambanso cha ku Katoto.
A Chavula akupukutira sipanala pa ovolosi.
Ndawauza kuti ndibwera Loweruka.
Ndinateronso Loweruka lapitali.