Dzina Langa la M'manja

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala kuseri kwa galasi ili
pa siteshoni ya Campanhã, mumzinda wa Porto,
kugulitsa matikiti, kuuza anthu kolowera.
Ndikangoyandikiza pakamwa pa chimkuzamawu
khamu lonse limadzambatuka ngati njiwa zoponyedwa mwala.

Lachinayi lija mvula inkagwa chopendama.
Ndinalengeza kawiri: ya ku Braga yasintha,
chokani pa nambala 3, pitani pa 6.
Onse anatsika masitepe, masutikesi akugogoda m'mbuyo.
Anatsala mayi mmodzi wa jekete lobiriwira,
bokosi la keke pamiyendo,
maso ali pa njanji yopanda kanthu.
Ndinawaona. Ndinati mumtima, akudikira wina.

Sitima inapita.

Kenaka anafika pa zenera langa,
anaika tikiti, naloza wotchi ya pakhoma.
Ine maso pa kompyuta, ndinayankhira mabatani:
"Inanyamuka kale, mayi, tinalengeza."
Zii.
Ndinakweza mawu. Ndinakwezanso,
mpaka Custódio wa zenera lachitatu anacheuka,
mpaka kamwana kena pamzere kanatseka makutu.
Mayiwo anagogoda galasi ndi mphete, kamodzi kokha.
Anatembenuza tikiti nalemba kumbuyo kwake:
Sindimva. Kwezani nkhope, osati mawu.

Tikiti ija ndikadali nayo m'kabati,
pansi pa sitampa yotha inki.

Dzina lawo ndi Ermelinda Sarmento.
Keke inali ya mdzukulu, wokwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi.
Ku Braga anadikira, mwana nayamba kusinza,
makandulo anawabaya pa buledi wamba.
Izi anandiuza patapita miyezi,
manja anga atayamba kumva pang'ono.

Poti Lolemba lililonse madzulo tsopano
timakwera kachipinda ka pamwamba pa shopu ya nsapato:
ine, Graciete wogulitsa khofi, mlonda wa usiku
ndi anyamata awiri onyamula katundu.
Mphunzitsi wathu Hélder sanamvepo sitima chibadwire,
amaidziwa ndi mapazi ikadali kutali.
Zala zanga n'zouma ngati mizu.
Tsiku lina pofuna kunena kuti yachedwa
ndinanena china chake chimene anakana kundimasulira,
anangogwira m'mimba, misozi ili mbwembwembwe.

Iye ndiye anandionetsa kuti nyali ya kumbuyo kwanga
imasandutsa nkhope yanga mthunzi,
kuti ndimatafuna cholembera ndikamayankhula,
kuti munthu akabwera ndi womumasulira
ndimayang'ana womasulirayo
ngati mwini ulendo ndi katundu wosungitsa.
Zaka khumi ndi zinayi!
Ndi angati anabwerera pa zenera ili
atagwedeza mutu kuvomera zimene sanamve,
kuopa kuchedwetsa mzere?

Chikwangwani chamagetsi cha pa nambala 3 chikadali chakufa.
Ndalemba makalata atatu kwa akuluakulu.
Yankho lake n'lakuti nkhaniyi ikuunikidwa.
Ndiye njira ikasintha, ndikalengeza,
ndimasiyira Custódio zenera,
ndimatuluka ndi pepala ndi cholembera chachikulu
kukaona ngati pa benchi pali wotsala.
Bondo lamanzere limadandaula pa masitepe.
Nthawi zambiri ndimapeza nkhunda zokha.

Mayi Ermelinda amabwera Lachinayi lililonse.
Anandipatsa dzina la m'manja:
chibwano kugwera pachifuwa,
zala ziwiri kugogoda m'mwamba ngati pa mabatani.
Woweramira kompyuta.
Ndinafunsa Hélder ngati lingasinthidwe,
popeza masiku ano sindiweramanso.
Anapukusa mutu: dzina sasankha mwini wake.

Dzulo anaima kumapeto kwa mzere,
anthu asanu ndi awiri pakati pathu,
phokoso la sitima ya katundu litadzaza denga lonse,
palibe womva mnzake.
Anakweza dzanja, nagwetsa chibwano, nagogoda m'mwamba.
Ndinali nditakweza nkhope,
ndiye ndinamva akundiitana.