Dzuwa Likakana Kulowa

Kuno ku Tromsø, mwezi wa Juni,
dzuwa limachita mwano.
Teni koloko usiku yakwana
koma ilo lili ndwii pamwamba pa phiri,
kusuzumira m'nyumba ngati wodzalonjerera ngongole.

Ndiye ndimuuza bwanji Sindre kuti kwada?

Zaka zisanu ndi ziwiri.
Sokosi wavula kale, imodzi ili musinki,
inayo kaya.
Akuthamanga kuchoka pachitseko kukafika pazenera,
khoma phaa ndi chikhatho, kubwerera,
phaa, kubwerera.
Pansi pathu Mayi Haugland
akugogoda denga lawo ndi mtengo wa tsache.
Ndamva, mayi.
Mawa ndidzapepesa pamasitepe, monga dzulo.

Amake ali kuchipatala, ntchito yausiku.
Pafiriji anatimatira zithunzi zinayi:
mswachi, bafa, buku, bedi.
Adokotala anati tizitsata zomwezo tsiku ndi tsiku,
osadumpha ngakhale chimodzi.
Lero chithunzi cha bafa wachitafuna.

Sabata yatha ndinakalipa.
Sindibisa.
Ndinakuwa mpaka makapu analira m'kabati.
Iye anangondiyang'ana,
kenako anadziluma padzanja,
mano kulemba mzere
wokhala ndi mpata pomwe dzino linaguluka.
Pa iye balalo linapola.
Pa ine likadanyeka.

Choncho lero ndangokhala pansi,
msana kukhoma, miyendo tambalale,
pakamwa ndatseka.
Akafika pa ine akundilumpha.
Kachisanu. Kachisanu ndi chimodzi.
Kenako phazi lakodwa,
wagwera pachifuwa panga,
thukuta, fungo la jamu,
mtima kugunda ngati injini ya boti la asodzi.

"Musandigwire."

Sindikumugwira. Manja ndaika pansi.
Iye ndiye wagwira khutu langa.

Kuchipinda makatani ndi akuda,
m'mphepete ndinamata tepi,
koma patsala kampata kamodzi
pomwe dzuwa limabayira ngati singano.
Salola kuti ndikatseke.
Akuti ndi kake.

Bulangete lake ndi lolemera, m'kati muli timikanda.
Ndikumufunditsa kuyambira kumapazi,
pang'onopang'ono,
walikankha, ndayambiranso,
walikankha,
ndapuma kaye, ndayambiranso.
Buku sakulifuna. Akufuna sitima.

Ndiye tayamba kutchula madoko
omwe sitima imaima polowera kumpoto.
Skjervøy.
Øksfjord.
Hammerfest.
Ndadumpha limodzi dala.
"Mwaiwala Havøysund!"
Pepani, bwana woyendetsa.

Pa Honningsvåg lilime layamba kulemera.
Pa Mehamn mwendo wadzidzimuka
n'kundiponda m'nthiti, ndameza kubuula.
Pa Berlevåg, maso ali chitsekere, akufunsa:
"Kodi ine ndine woipa?"

Ndani anakuuza zimenezo?
Kusukulu? Pamasitepe?
Kapena ndinali ine, usiku wa makapu uja?
Mafunsowo ndawameza onse.

"Ayi. Watopa chabe.
Thupi lako limachedwa kumva kuti tsiku latha.
Nanenso ndatopa."

Chete.
Ndikudikira kuti aphulike.

"Båtsfjord," akutero.

Vardø ndatchula monong'ona.
Vadsø, palibe wondikonza.
Ku Kirkenes ndafika ndekha.

Sindikusuntha.
Khutu likadali m'dzanja lake,
mwendo wanga wachita dzanzi,
mkodzo wandigwira kalekale.
Kunja mbalame za padoko
zikukanganirana mitu ya nsomba ngati ndi masana,
wina akutchetcha kapinga pakati pa usiku.
Kasingano ka dzuwa kayenda,
kachoka pakhoma, kafika pachipumi chake.

Foni yathwanima. Ragnhild.
"Wagona?"
Ndi chala chimodzi ndalemba: "Eya."
"Zinavuta?"
Ndayang'ana funsolo nthawi yaitali.
"Tinafika ku Båtsfjord."

Pobweza foni m'thumba la malaya
zala zakhudza kanthu kofewa, konyowa.
Sokosi ina ija.
Anaiika liti, sindinamve.