Dzenje la pa Jules Street

Chikwangwani chinafika ife tisanafike,
chachitsulo, chotalika kuposa basi,
ndipo m'munsi mwa chizindikiro cha khonsolo
analembapo ndalama za ntchitoyi.
Ndinawerenga maziro ake ndi chala.
Twaibu anati, "Zisiye, mphwanga,
ungachite chizungulire usanadye."

Tenda inagwera bwana wina wa ku Sandton
amene sitinamuonepo nkhope.
Iye anabenthulirako mlamu wake,
mlamuyo anabenthulira Mthethwa wa kalole koyera,
Mthethwa anatitola ife pa kona ku Jeppe
m'mawa wa Juni, milomo itang'ambika ndi chisanu.
Ndalama ikamatsika masitepe otere
imafika pansi itavula nsapato.

Ntchito yake ndi iyi:
kusesa dzenje, kuthira miyala,
kukhuthula phula wozizira wa m'thumba,
kusinja ndi chitsulo mpaka mapewa alire.
Matakisi amatitukwana ndi mahutala.
Mayi wina wootcha mapazi a nkhuku
amatisungira madzi m'chigubu.

Koma pansi pa dzenjelo pali payipi
yakale kuposa bambo anga,
ndipo imadontha usana ndi usiku.
Ndinamuuza Mthethwa. Anayasamula.
"Payipi ndi ya ofesi ina.
Ife anatilemba za pamwamba."
Ndiye timamata chilonda
mafinya ali m'kati.

Agogo anga a Zakeyu anabwera kuno pa Theba.
Anaufukula mzinda uno kunsi kwake
kufunafuna golide wa eni,
nabwerera ku Ntcheu ndi wayilesi, jekete,
ndi chifuwa chimene chinawaperekeza kumanda.
Iwo ankakumba, ine ndikukwirira.
Banja lathu ndi maenje a ku Joni
tinadziwana kalekale.

Tsiku lina Nasibeko anaimba foni.
Akuti pa mlatho wa kwathu uja,
umene madzi anakokolola dzinja latha,
agonekapo mitengo iwiri ya bulugamu,
ana akuwoloka chokwawa popita kusukulu.
Akuti kunabwera anthu a zipewa zoyera,
anayeza, anajambula, anadya, anapita.
Chatsala n'chikwangwani.
Ndinaseka mpaka mayunitsi anatha,
kenako ndinakhala chete pa matiresi
foni ili m'manja.

Mvula yoyamba ya Okutobala itagwa
phula wathu anakanganuka ngati nkhanambo.
Dzenje labwerera, lanenepa,
wina waimikamo tayala ndi nthambi
kuti oyendetsa galimoto alione patali.

Ndinene zoona, Mulungu andikhululukire:
nditaliona, mtima wanga unavina.
Lendi ya mwezi uno ili m'menemo.
Fizi ya Chifuniro ili m'menemo,
ndi nsapato zake za jombo zowolokera mtsinje.

Lolemba tikalimatanso.
Mthethwa adzalijambula lisanaume,
chithunzi chidzakwera masitepe aja
mpaka kwa wosayina,
ndipo ine, pogwada kusalaza m'mphepete,
ndidzatchera khutu pansi
kumva payipi ija, tho, tho, tho,
ikutiwerengera masiku.